Bafa Lopanda Chitseko

Osvaldo anazula chitseko cha bafa Loweruka lina mu Malichi,
sabata yomwe sukulu zinatsegulira kuno ku Valparaíso.
Anati, masiku atatu basi.
Lero ndi Juni, mvula ikukuntha malata,
chitseko chikadatsamirabe khoma la pakhonde
ngati mlendo amene taiwala kumulonjera.

M'malo mwake tinapachika nsalu yakale ya patebulo,
ya maluwa achikasu, yopserera ndi simbi pakona.
Lamulo ndi limodzi: ukakhala m'kati, imba.
Amaro amaimba masamu ochulukitsa,
akafika pa seveni mawu amazilala.
Eloísa amaimba mayina a agalu a m'phiri lonse lino,
amoyo ndi akufa omwe.
Bambo awo amati sadziwa nyimbo, amangotsokomola.

Kuchokera kumsewu kufika pakhomo pathu
pali masitepe zana limodzi, khumi ndi awiri.
Chikepe cha m'phiri chinafa chaka chatha.
Thumba lililonse la simenti linakwera paphewa la mwamuna wanga,
ine kumbuyo ndi ndowa,
ana patsogolo akuwerenga mokweza,
ngati kuwerengako kuchepetsa phiri.

Fumbi lili ponseponse.
M'nsapato, m'shuga, pa buledi wopaka peyala
amene ndimawakulungira m'mawa kukadali mdima.
Aphunzitsi analemba m'kope la mtsikana:
mayi, mwanayu akubwera ndi imvi.

Za matailosi ndisanene zambiri.
Osvaldo anawerengera kuseri kwa bilu ya magetsi,
napeza makumi asanu ndi limodzi.
Amaro anagwada ndi rula yake ya kusukulu,
lilime kunja, nati ayi, saakwana.
Bambo anaseka, namusisita kumutu.
Matailosi anathera pakatikati pa khoma.
Kusitolo anati abuluuwo sabweranso,
anatsala obiriwira.
Usiku umenewo palibe anatchula za rula,
koma ndinaona Osvaldo akuwonjezera nyama m'mbale ya mnyamata.
Eloísa akuti palibe cholakwika,
nyanja ya kudoko nayo imatero ikamachoka sitima.

Lachiwiri pakati pa usiku makapu analira m'kabati.
Chivomezi, chaching'ono, cha masiku onse,
koma miyendo simafunsa kukula kwake.
Tinapezeka tonse anayi pafelemu la bafa,
opanda nsapato, nsalu ya maluwa ili pamitu pathu,
mtima wa Amaro ukugunda m'chigongono changa.
Pansi patakhazikika, Osvaldo anayatsa tochi
nayenda ndi chala pakhoma, mzere ndi mzere,
abuluu, obiriwira, mpaka pansi.
Silinagwe ngakhale limodzi.
Sanalankhule. Anangotsokomola, kawiri,
ndipo ndikulumbira munali kanyimbo m'menemo.

Nanga chitseko bwanji osabwezera?
Akuti masikuluwu a mahinjesi anasowa.
Anawasiya m'chitini cha khofi pawindo,
wasanthula nyumba yonse, wanamizira mphaka,
wanamizira ine ndi tsache langa.
Kukagula ena akukana, akuti aja ndi amkuwa,
anabwera ndi nyumbayi.

Madzulo ano ndimafuna chofufutira
m'kachikwama ka mapensulo ka Eloísa.
Pansi penipeni, m'sokosi ya chidole,
asanu ndi limodzi, owala, owerengedwa bwino.
Anandiyang'ana osaphethira.
Chitseko chikabwerera, amayi,
aliyense azidzakhala chete m'menemo.

Ndinawagwira m'dzanja kanthawi, ozizira, olemera pang'ono.
Kuseri kwa maluwa achikasu madzi anali kutsika,
Amaro akulimbana ndi seveni kuchulukitsa ndi eyiti,
bambo ake akumuponyera yankho kuchokera kukhitchini,
lolakwika.
Ndinabweza sokosi pamalo pake,
ndinatseka zipi,
ndinati, maliza homuweki, kwada.